Ndege ya asilikali yomvana ndi anzathu: tiyerekeze njira tisanasaine kontrakiti

Kuno ku Ntcheu nkhani ya ndege za asilikali sitiimva ngati ya kutali. Pa 17 June 2024 tidaika m'manda a Saulos Chilima pa Nsipe, patangotha sabata ndege ya asilikali athu ya Dornier 228 itagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 June n'kupha anthu onse 9 amene adakwera. Chichokereni tsikulo, funso loti dziko lipeze ndege zina silichoka pakamwa pa anthu. Ndalembera inu amene mudzakhale pa tebulo losankha: aphungu athu a ku Ntcheu ndi Dedza, makamaka a m'komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo, akuluakulu a asilikali, ndi tonsefe amene misonkho yathu idzalipire. Pempho langa ndi lakuti musayambe ndi kusankha ndege. Yambani mwagwirizana kuti ndegeyo idzafunika kumvana ndi yani, ndipo ndani adzalembe umboni woti ikumvanadi nawo. Mukayankha zimenezo, ndege zambiri zokongola za m'makatalogu zidzagwa zokha pa mndandanda.

Chiphasocho n'chotani

Chiphaso cha kumvana ndi umboni wolembedwa woti wailesi, makompyuta ndi zida zina za ndege zayesedwa pamodzi ndi zida za ena, ndipo zapezeka kuti zikugwirizana. Woyesayo asakhale wogulitsa. Ku America ntchitoyi ili m'manja mwa Joint Interoperability Test Command, bungwe la asilikali lomwe likulu lake lili ku Fort Huachuca, Arizona. Mayiko a NATO ali ndi mapangano a miyeso otchedwa STANAG. Ife tilibe bungwe lotero, ndipo pali mpata wina umene ambiri sauona. Pangano la Chicago la 1944, lomwe limayendetsa maulendo a pandege padziko lonse, limanena m'gawo lake lachitatu kuti silikhudza ndege za boma monga za asilikali. Choncho malamulo amene amakakamiza ndege yonyamula anthu wamba kukhala ndi zida zakutizakuti sagwira okha ndege ya asilikali. Dziko lenilenilo liyenera kudziikira malamulo ndi munthu woti aziwalondola.

Kumvanaku kuli pa masitepe atatu, ndipo mtengo umalumpha kwambiri pa sitepe iliyonse.

Sitepe yoyamba ndi kumvana ndi oyang'anira mlengalenga komanso opulumutsa anthu. Apa pakufunika wailesi ya VHF ya mafunde a 118 mpaka 137 MHz, transponder ya Mode S yoti rada izidziwa kuti ndegeyo ndi iti ndipo ili pamwamba bwanji, ADS-B youlutsa malo amene ndege ili, ndi kabokosi kolira pangozi kotchedwa ELT. Kabokosi aka n'kakang'ono, munthu akhoza kukanyamula ndi dzanja limodzi, nthawi zambiri kamamangiriridwa chakumchira kwa ndege, ndipo pambali pake pamalembedwa tsiku limene batire lake lidzathe. Akatswiri a ku Germany a bungwe la BFU, amene adafufuza ngozi ya ku Chikangawa, adalemba kuti batire la ELT ya ndege ija lidatha mu 2004, ndiponso kuti ndegeyo idalibe zida zojambula mawu a oyendetsa ndi kayendedwe kake. Kuwonjezera apo, masetilaiti a Cospas-Sarsat adasiya kumvera mafunde akale a 121.5 MHz pa 1 February 2009. Masiku ano amamva a 406 MHz. Kabokosiko sikagwira ndege kuti isagwe. Ntchito yake ndi kuuza ofufuza kumene apite, ndipo tonse tikukumbukira usiku umene dziko lidagona osadziwa kumene ndege ili, mpaka idapezeka tsiku lotsatira. Sitepe iyi ndi yotchipa kuposa onse, koma ndi imene idatipweteka.

Sitepe yachiwiri ndi kumvana ndi asilikali a mayiko amene timagwira nawo ntchito. Pamafunika wailesi ya UHF ya 225 mpaka 400 MHz, mafuta ofanana a Jet A-1 ndi mipope yolowana, njira imodzi yomangira katundu, ndi oyendetsa ophunzitsidwa kuitanirana mofanana. Anzathuwo timawadziwa. Mu 2013 asilikali athu adayamba kugwira ntchito ku DRC pamodzi ndi a South Africa ndi Tanzania m'gulu la Force Intervention Brigade la MONUSCO, ntchito ya United Nations yosungitsa mtendere m'dzikolo, ndipo mayiko atatu omwewo ndi amene adatumiza asilikali ku ntchito ya SADC ya SAMIDRC kumapeto a 2023. Bungwe la United Nations sililandira ndege ya asilikali mwachisawawa: limatumiza anthu ake kudzaiona isananyamuke, kenako limasainirana ndi dzikolo kalata yotchedwa Letter of Assist yomwe imanena zolipira. Kwa ife mayeso amenewa ndiwo chiphaso chenicheni cha sitepe yachiwiri. Ngakhale pano pakhomo nkhaniyi ilipo. Pa msewu wa M1 pakati pa Lizulu ndi Biriwiri, tsidya la msewu ndi Mozambique. Helikopita yofunafuna anthu m'mapiri a Kirk kapena ku Tsangano tsiku la nkhungu ikhoza kulowa mlengalenga mwa eni ake osadziwa, ndiye iyenera kuoneka ndi kumveka mbali zonse ziwiri.

Sitepe yachitatu ndi ya nkhondo yeniyeni: chida chosiyanitsa bwenzi ndi mdani cha IFF Mode 5, chomwe chidalowa m'malo mwa Mode 4 mu 2020, ndi Link 16 yomwe imatumizirana chithunzi cha bwalo la nkhondo pakati pa ndege, sitima ndi rada. Zonsezi zimayendera makiyi achinsinsi amene mwini wake ndi boma la America.

Miyeso yoyezera

Pali njira zisanu zopezera ndege, ndipo iliyonse ndiiyeza pa zinthu zinayi. Mtengo, osati wa tsiku logula lokha, chifukwa pa zaka 20 kapena 30 ndalama zoyendetsera ndi kukonza ndege zimaposa zogulira, ndipo zimalipidwa m'madola kapena mayuro. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Kontrakiti ya zaka zambiri iwerengedwe ndi zimenezo m'mutu. Kapezekedwe, kutanthauza nthawi yochokera pa kusaina kufika tsiku limene chiphaso chili m'manja, komanso ngati eni zida angalole n'komwe kutigulitsa. Kasamalidwe, chifukwa chiphasochi chili ngati COF ya minibasi, chimatha, ndipo mukasintha wailesi kapena pulogalamu ya kompyuta ya m'ndege mayeso amabwerezedwa. Pomaliza, chiopsezo.

Njira yoyamba: kugula kudzera ku boma la America

Mtengo. Pa ndondomeko ya Foreign Military Sales, dziko limasainirana ndi boma la America, ndipo bomalo ndi limene limakagula kwa kampani. Limaonjezera kandalama koyendetsera ntchito koposa pang'ono 3 peresenti. Mtengo wonse umaoneka wokwera chifukwa amaphatikiza maphunziro, mabuku, zipangizo zosinthira ndi mayeso. Ine ndimakuona kukhala kukwera koona mtima, chifukwa zimene ena amabisa n'kudzakulipiritsani chaka chachitatu, apa zimalembedwa poyamba.

Kapezekedwe. Ndi zaka, osati miyezi. Zida za sitepe yachitatu sizigulitsidwa kwa aliyense wobwera ndi ndalama. Dziko limayamba lasaina mapangano osunga chinsinsi cha zida zolumikizirana, ndipo Link 16 imagwiritsa mafunde a 960 mpaka 1215 MHz, omwe ndege wamba zimadaliranso poyenda, ndiye a MACRA ndi oyang'anira ndege wamba ayenera kuvomereza. Koma njirayi ili ndi khomo laling'ono: ndege ya injini imodzi ya Cessna 208 Caravan, yomwe America idapereka ku Niger, Uganda, Kenya ndi Chad. Imatera pa bwalo lafumbi ndipo amakaniko oidziwa ndi ambiri mu Africa muno.

Kasamalidwe. Makiyi achinsinsi amasinthidwa pafupipafupi, amafuna chipinda chotetezedwa ndi anthu osankhidwa, ndipo a ku America amabwera kudzawerenga zida zawo.

Chiopsezo. Ndale zikasintha ku Washington, zipangizo zikhoza kuima. Chachikulu kwa ine n'chakuti mukhoza kulipira chiphaso chapamwamba n'kusowa wolankhula naye. Link 16 si njira ya m'chigawo chathu. South Africa idapanga yakeyake yotchedwa Link-ZA.

Njira yachiwiri: ndege yatsopano yokhala kale ndi ziphaso zodziwika

Mtengo. Ndege zonyamula katundu ndi asilikali ngati C295 ya Airbus kapena C-27J ya Leonardo ndi za madola mamiliyoni makumi angapo iliyonse, musanawerengere shedi yokonzera, zida za pansi ndi maphunziro. Dornier 228 yatsopano, ya mipando 19, ndi yotsika kwambiri poyerekeza ndi zimenezi. Kampani ya HAL imaipanga ku Kanpur, India, ndipo ku Germany ufulu woipanga uli m'manja mwa General Atomics ku Oberpfaffenhofen.

Kapezekedwe. Mumaima pa mzere wa fakitale, koma mayeso a sitepe yoyamba amakhala atachitika kale ndipo mabungwe a mayiko ambiri amawavomereza popanda kubwereza. Chotsala ndi kuyesa zida za asilikali zimene mwaonjezera.

Kasamalidwe. Apa ndi pamene njirayi imawina. Zambia ili ndi ma C-27J awiri, Kenya atatu. Ghana idagwiritsa C295 pa ntchito ya United Nations ku Mali. Ndege imene mnansi wako ali nayo ndiyosavuta kuphunzira, ndipo tsiku lina kachitsulo kosowa ukhoza kukapeza ku Lusaka m'malo modikira ku Ulaya. Dornier nayo oyendetsa ndi amakaniko athu akhala nayo kuyambira m'ma 1980. Ndikudziwa kuti kuno kwathu dzina limeneli limabaya mtima, ndipo sindinganyoze munthu wonena kuti sakufunanso kulimva. Komabe lipoti lomaliza la BFU la 2025 lidaloza ku nyengo yoipa ndi kuuluka motsika pafupi ndi mapiri. Wosankha ayese ndegeyo pa zimene imachita: kutera pa mabwalo aafupi amene ndege zazikulu sizingayandikire.

Chiopsezo. Kontrakiti yokonzera ikatha ndalama zakunja zisanapezeke, ndege yatsopano imakhala pansi chimodzimodzi yakale. Zida zina za m'kati zimachokerabe ku America, ndiye malamulo a kumeneko oletsa kugulitsa zida amazitsatira.

Njira yachitatu: China kapena Russia

Mtengo. Wogulira ndi wotsika, ndipo kawirikawiri pamabwera ngongole yobweza pang'onopang'ono. Dziko losowa madola silingachitire mwina koma kumvetsera.

Kapezekedwe. Zimafika msanga. Njirayi tidaiyenda kale: mu 2022 asilikali athu adalandira ndege ziwiri za MA600 zochokera ku China. Zambia ndi Kenya zili ndi ndege zing'onozing'ono za Y-12, ndipo helikopita ya Mi-17 yagwira ntchito zambiri za United Nations mu Africa, ndiye si zoona kuti zida za kum'mawa sizingapambane mayeso a sitepe yachiwiri.

Kasamalidwe. Pali chinthu chimene ogulitsa satchula mokweza. MA600 ndi Y-12 zimayendera injini za Pratt & Whitney Canada. Ndiye kuti mukusamala ndege imodzi kudzera m'makomo awiri, thupi ku China, injini kwa azungu, ndipo khomo lachiwirilo limafuna madola. Funsaninso ngati mabuku a amakaniko ali m'Chingerezi chomveka, komanso ngati kampani idzapereke zikalata zofotokoza mmene zida za m'kati zimalumikizirana. Popanda zikalata zimenezo woyesa wapadera sangayese kanthu, ndipo simungaonjezere wailesi ya kampani ina.

Chiopsezo. Banja la ndege za MA60 ndi MA600 lilibe chiphaso cha mabungwe ovomereza ndege, FAA ya ku America kapena EASA ya ku Ulaya, choncho dziko lililonse limadzitsimikizira lokha, ndipo ife ofesi yamphamvu yochita zimenezo ndi imene tikusowa. Ku mbali ya Russia, kuyambira 2022 kupeza zipangizo ndi kutumiza ndalama kwavuta chifukwa cha zilango za mayiko, ndipo lamulo la America la CAATSA la 2017 limaopseza ogula zida zikuluzikulu kumeneko. Mi-17 ndi helikopita yolimba, koma lero sindingalangize munthu kuyamba nayo chatsopano.

Njira yachinayi: zakale, zopatsidwa, ndi kukonza zimene tili nazo

Mtengo. Mu 2024 America idapatsa Botswana ndege ya C-130H yomwe idati ndi ya madola 30 miliyoni. Zotere zimakopa, koma walira mvula walira matope. Pa ndondomeko ya zida zotsala za asilikali a America, katundu amaperekedwa mmene alili, ndipo nthawi zambiri kunyamula ndi kukonza zimagwera wolandira. Botswana idali kale ndi ma C-130 ndi anthu owadziwa; ife tikhoza kuyamba pa ziro ndi ndege ya injini zinayi yomwa mafuta ambiri.

Kapezekedwe. Zimadalira mwayi ndi ubale, simungaziike pa kalendala.

Kasamalidwe. Musanayang'ane penti, pemphani mabuku a mbiri ya ndegeyo: maola amene yauluka, tsiku limene chitsulo chilichonse chidasinthidwa, ndi siginecha ya amene adasintha. Masamba akasowa, palibe woyesa woona mtima amene angasaine. Chida chatsopano chilichonse choikidwa m'ndege yakale chimafuna chilolezo chakechake, chifukwa ngakhale mlongoti wa wailesi woikidwa malo olakwika umasokoneza zida zina.

Chiopsezo. Kugula ndege imene fakitale yake yasiya kupanga zipangizo. Koma mbali ina ya njirayi ilibe chiopsezo chotere ndipo siyenera kudikira mkangano uliwonse: kuika ELT ya 406 MHz, transponder yamakono, chida chochenjeza za mapiri ndi zojambula mawu m'ndege ndi mahelikopita amene tili nawo kale. Ndalama zake ndi kachigawo kakang'ono ka mtengo wa ndege imodzi.

Njira yachisanu: kubwereka ndi kugawana ndi anansi

Mtengo ndi wa pa ola louluka, ndipo chiphaso ndi mutu wa mwini ndege. Pa kapezekedwe, tidaona pa namondwe Idai mu 2019 pamene South Africa idabwera ndi mahelikopita, ndi pa Freddy mu March 2023 pamene Tanzania ndi Zambia zidatithandiza kufikira anthu amene misewu yawo idaduka. Kasamalidwe kake ndi ka mbali yathu ya pansi: mawailesi a asilikali athu amvane ndi ndege za alendowo, mafuta akhalepo, zilolezo zolowera m'dziko zituluke msanga. Zimenezi zimakula ndi kuyeserera pamodzi, monga pa zochitika za SADC za Blue Okavango ku Botswana mu 2015, Blue Kunene ku Namibia mu 2017, ndi Umodzi ku Salima mu 2018. Kugawana ndege kokhazikika n'kotheka. Mayiko 12 akhala akugawana ndege zitatu zikuluzikulu zonyamula katundu za C-17 pa bwalo la Pápa ku Hungary kuyambira 2009. Chiopsezo chake n'chodziwikiratu: namondwe akamenya Mozambique ndi Malawi sabata imodzi, mwini helikopita amasankha yekha koyamba kupita.

Iti pa vuto liti

Ngati ndalama zilipo zochepa chaka chino, tengani mbali yachiwiri ya njira yachinayi: malizani sitepe yoyamba pa ndege iliyonse imene ikuuluka, ndipo khazikitsani ofesi ya asilikali yoona za kuyenera kuuluka kwa ndege, yokhala ndi mphamvu yoimitsa ulendo ngakhale wokwerayo ndi wamkulu. Popanda ofesi imeneyi njira zina zonse zilibe woti alandire chiphaso ndi kuchisunga.

Ngati chosowa ndi kunyamula odwala, mankhwala ndi akuluakulu a boma m'dziko momwemuno, ku mabwalo aafupi, yang'anani ndege yaing'ono ya njira yachiwiri, kapena Caravan kudzera njira yoyamba. Pa maulendo a akuluakulu nyengo ya nkhungu, ine ndingasankhe ya injini ziwiri.

Ngati cholinga ndi kutumiza ndege ku ntchito za United Nations kapena SADC kuti izibweza ndalama, njira yachiwiri ndiyo, makamaka mtundu umene mnansi ali nawo kale. Lembani zofuna za United Nations m'kontrakiti momwemo, ndipo gawo lomaliza la malipiro lisatuluke mpaka ndegeyo itayesedwa ndi nsanja ya pa bwalo la Kamuzu, ndi wailesi ya msilikali wa pansi, ndi ndege ya dziko lina, woyesa wapadera akuona.

Ngati ngongole ya ku China ndiyo khomo lokha lotseguka, lowani, koma zikalata za kalumikizidwe ka zida, ndalama za injini m'madola, ndi ufulu woitana woyesa wa dziko lachitatu zilembedwe musanasaine.

Pa madzi osefukira ndi katundu wolemera amene amafunika kamodzi pa zaka zingapo, pangano lokhazikika ndi anansi liposa kugula ndege yaikulu yoti izikhala m'shedi, bola tikhale ndi mahelikopita athu ochepa oyambira maola oyamba thandizo lisanafike. Mode 5 ndi Link 16 zisiyeni kaye. Zidzakhala ndi ntchito tsiku limene tidzakhale ndi ndege zankhondo, rada za asilikali zolumikizana nazo, ndi bwenzi logwiritsa zida zomwezo.